Akamaunika pulani ya nyumba zotsika mtengo, ayambire m'kati

Ndakhala ndikuganizira za msonkhano wina umene ndinakhala nawo, pamene komiti ya khonsolo ya mzinda inkaunika pulani ya nyumba yaing'ono ya nsanjika zitatu, yokhala ndi mafulati 12 oti azichitamo lendi mabanja opeza ndalama zochepa. Katswiri wojambula mapulani anabwera ndi zithunzi zake, nazipachika pakhoma, ndipo kwa nthawi yoposa ola lathunthu mamembala a komiti anakambirana za mtundu wa njerwa, kupendekeka kwa denga, komanso ngati khoma loyang'ana kumsewu silikuoneka lotalika mopitirira poliyerekeza ndi nyumba zoyandikana nalo. Mayi wina wa m'komitimo anafunsa kamodzi kokha kuti zinyalala zizikatayidwa pati, anayankhidwa mwachidule, kenaka zokambirana zinabwerera kunjerwa. Pamapeto pake wojambulayo anauzidwa kuti akakonzenso pulaniyo ndipo adzabwerenso pa msonkhano wotsatira. Ndinamuona akupinda mapepala ake mwakachetechete, ndipo ndikukhulupirira kuti mumtima ankawerengera za chiwongoladzanja chimene chinali kukwera kubanki pamene njerwa zinali kukambidwa.

Maganizo anga ndi akuti kuunika mapulani kotereku n'kofunika, koma nthawi zambiri kumayang'ana kolakwika. Kumataya nthawi pa zimene munthu wodutsa mumsewu adzaone kwa mphindi imodzi, n'kusiya zimene munthu wokhala m'nyumbamo adzakhale nazo usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyumba ikhoza kupatsidwa chilolezo chifukwa cha kukongola kwa khoma lakutsogolo pamene chipinda chogona ana chili ndi kawindo koyang'anizana ndi khoma la nyumba ina.

Ndiyambe ndi kuvomereza zimene otsutsana nane anganene, chifukwa ali ndi mfundo. Womanga akasiyidwa yekha popanda womuyang'anira, amatha kumanga zinthu zosayenera kukhalamo munthu. Ku England, kuyambira mu 2013, boma linalola kuti nyumba za maofesi zizisandutsidwa nyumba zokhalamo popanda kudutsa njira yonse yopemphera chilolezo, ndipo zotsatira zake zinali zakuti ena anagawa maofesiwo kukhala timafulati tating'ono kwambiri, tina topanda ndi windo lomwe. Mu 2020 boma linachita kuika lamulo loti chipinda chilichonse chokhalamo anthu chizilandira kuwala kokwanira kochokera kunja, ndipo mu 2021 linalamula kuti nyumba zoterezi zizitsatira muyezo wa kukula kwa nyumba, umene umati fulati ya munthu mmodzi isachepere masikweyamita 37. Nanga moto wa pa Grenfell Tower, nyumba yansanjika ya mafulati ku London, pa 14 June 2017, umene unapha anthu 72, suja unafalikira mofulumira chifukwa cha zipangizo zoyaka msanga zimene anakutira nazo makoma akunja? Choncho sindikunena kuti khonsolo ichotse maso ake pa mapulani. Koma taonani kuti zonse zimene zinalakwika m'zitsanzozi ndi zinthu zoyezeka: kukula kwa chipinda, kuwala, ndi kuyaka kwa zipangizo. Palibe chimene chikanakonzedwa ndi mkangano wa mtundu wa penti.

Vuto lenileni lili pa mawu amene amalembedwa m'malamulo a makomiti ambiri, akuti nyumba yatsopano iyenera kugwirizana ndi maonekedwe a dera. Mawu amenewa amamveka abwino, koma alibe muyezo. Wojambula sangadziwe pasadakhale chimene chidzakhutiritse anthu asanu kapena asanu ndi awiri, amene aliyense ali ndi zokonda zake, ndipo amene akhoza kusinthidwa pulaniyo isanavomerezedwe. Amene anafuna denga lotsetsereka mwezi uno akhoza kusapezeka mwezi wamawa, n'kubwera wina wokonda denga lafulati. Komiti ikamafuna chilichonse chimene membala aliyense walakalaka, imakhala ngati pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, kusiyana kwake n'kwakuti amene amagwa chagada si komitiyo ayi, koma banja limene linali kuyembekezera nyumbayo.

Anthu ambiri sazindikira kuti kuchedwa kumapweteka kwambiri ntchito yaing'ono kusiyana ndi yaikulu. Kampani yomanga mafulati 300 ili ndi maloya ndi akatswiri ake, ndipo ndalama zojambulitsanso pulani kachitatu zikagawidwa pa mafulati onsewo sizimveka kulemera. Bungwe laling'ono lomanga mafulati 12 limalipira wojambula, injiniya ndi msonkho wa malo pafupifupi mofanana pa ulendo uliwonse wobwerera kukomiti, koma mtolo wonsewo umagwera pa mabanja 12 okha. Komanso nyumba zotsika mtengo kawirikawiri zimamangidwa ndi ndalama zochokera kumbali zingapo, ngongole ya kubanki, thandizo la boma ndi la mabungwe, ndipo thandizo lililonse limakhala ndi tsiku lake lotsekera. Chilolezo chikachedwa ndi miyezi itatu, mwayi wa chaka chimenecho ukhoza kudutsa, mitengo ya simenti ndi zitsulo n'kukwera, kontilakitala n'kupita kukagwira ntchito ina. Komiti sinakane pulaniyo, ndipo m'mabuku ake simudzalembedwa kuti inakana, koma nyumbayo siimangidwa.

Palinso pempho lija limene limamveka laling'ono, loti nyumbayo itsitsidweko ndi nsanjika imodzi kuti isatchinge anzake. Tiwerengetsere limodzi. Ngati nsanjika iliyonse ili ndi mafulati anayi, kuchotsa nsanjika imodzi kumasiya mafulati 8 m'malo mwa 12. Mtengo wa puloti sunasinthe, denga ndi lomwe lija, mapaipi olumikiza madzi ndi zimbudzi kumsewu ndi omwe aja. Gawo la mtengo wa malo limene fulati iliyonse imasenza limachoka pa limodzi mwa magawo 12 kufika pa limodzi mwa magawo 8, kutanthauza kuti lakwera ndi theka. M'maiko ambiri nyumba imatchedwa yotsika mtengo ngati banja silikuwonongerapo ndalama zoposa 30 peresenti ya zimene limapeza, ndiye womanga sangangokweza lendi kuti atseke dzenjelo. Chimene chimatsala n'kuchepetsa zipinda, kugula zipangizo zosalimba, kapena kuisiya ntchitoyo. Mabanja anayi aja amene mafulati awo afufutidwa papepala sadziwa n'komwe kuti panali msonkhano wonena za iwo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. M'chipinda cha msonkhano mumadzaza eni nyumba oyandikana ndi malowo, ndipo ali ndi ufulu wonse wolankhula, pakuti nawonso adzakhala ndi nyumbayo pafupi. Koma amene adzalowe m'mafulatiwo sanadziwike, alibe adiresi m'deralo, sanalandire kalata yowaitana, ndipo mwina pa ola limenelo ali kuntchito yausiku kapena akusamalira ana. Komiti imamva mbali imodzi yokha n'kuganiza kuti yamva anthu onse. Ndinenenso mosabisa kuti nthawi zina madandaulo onena za denga ndi njerwa amakhala chophimba chabe, pamene chenicheni chimene munthu sakufuna kunena poyera n'chakuti sakufuna anthu osauka pafupi ndi mpanda wake. Si onse otero ayi, koma njira yopanda muyezo imapatsa woteroyo chida chochedwetsera ntchito popanda kuulula cholinga chake.

Za poimika magalimoto ndingodutsapo mwachangu. Lamulo lokakamiza kuti fulati iliyonse ikhale ndi malo a galimoto limadya bwalo limene ana akanaseweramo, chonsecho ambiri mwa alendiwo alibe galimoto. Mzinda wa Buffalo ku America unachotsa lamulo lotere mu 2017, ndipo Minneapolis inachita chimodzimodzi mu 2021.

Njira yabwino ilipo kale, ndipo siyofuna nzeru zachilendo. Boma la California ku America linakhazikitsa lamulo lotchedwa SB 35 mu 2017, limene limati m'mizinda imene yatsalira pa chiwerengero cha nyumba zimene inayenera kuloleza, pulani yokhala ndi nyumba zotsika mtengo ikakwaniritsa miyezo yolembedwa iyenera kuvomerezedwa mwachangu, osadikira kuti aliyense akhutire. Mu 2019 linawonjezera lamulo la SB 330, loletsa kuchititsa misonkhano yoposa isanu pa pulani imodzi yotsatira malamulo. Ku chigawo cha Washington ku America komweko, kumene mzinda wa Seattle unakhala ndi makomiti ounika maonekedwe a nyumba kuyambira mu 1994, lamulo la 2023 linati miyezo ya maonekedwe akunja ikhale yomveka ndi yoyezeka, msonkhano wa anthu onse usapitirire umodzi, ndipo kuunikako kusagwiritsidwe ntchito pochepetsa kutalika kapena kukula kwa nyumba kumene malamulo a deralo alola kale. Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaikonda, chifukwa imatseka khomo limene nsanjika yachitatu ija imatulukira.

Ndikanakhala ndi mpando m'komiti yotere, mafunso anga akanayambira pakhomo la fulati kulowa m'kati. Ndikanafuna kudziwa ngati chipinda chilichonse chili ndi windo lotseguka, ndiponso ngati mphepo ingathe kulowera mbali ina n'kutulukira ina kuti m'nyumba musamachite chinyontho. Ndikanafunsa ngati gogo woyenda ndi ndodo kapena munthu wa pa njinga ya olumala angafike pakhomo pake popanda kunyamulidwa, ngati masitepe ali otakasuka moti anthu awiri onyamula bedi angakhote nalo, ndiponso ngati moto utabuka usiku aliyense ali ndi potulukira. Madzi a mvula ochokera padenga akupita kuti, kungalande kapena pabwalo la woyandikana naye? Khoma la pakati pa mafulati awiri likutchinga phokoso, kapena wina akatsokomola mnzake adzidzimuka? Zovala aziyanika pati? Ndipo zipangizo zakunja zimene komiti ikuumirira, kodi bungwe losamalira nyumbayo lidzakwanitsa kuzikonza pakatha zaka khumi, kapena zokongoletsazo ndi zimene zidzayambe kugwa? Ambiri mwa mafunso amenewa ali ndi yankho loyezeka ndi tepi, ndipo akhoza kulembedwa pa masamba ochepa oti wojambula awerenge asanagwire pensulo.

Maonekedwe akunja sindikuwataya. Anthu opeza zochepa nawonso amafuna kulowa m'nyumba imene sachita nayo manyazi, ndipo nyumba yooneka ngati bokosi la osauka imaika chizindikiro pa ana okhalamo. Koma zimenezinso zikhoza kulembedwa pasadakhale: khomo lalikulu liyang'ane kumsewu, khoma lakutsogolo likhale ndi mawindo osachepera gawo lakutilakuti, mitengo ibzalidwe motalikirana mwakuti. Anthu a m'dera akangane mokwanira pa nthawi yolemba miyezoyo, pamene nkhani ikukhudza dera lonse, osati pa nthawi imene bungwe limodzi laima kutsogolo ndi ngongole ili pamutu.

Pulani ya mafulati 12 ija inabwereranso kukomiti itasinthidwa mtundu wa njerwa ndi kapendekekedwe ka denga. Funso la mayi uja, lonena za potayira zinyalala, silinafunsidwenso, ndipo pa chithunzi chatsopanocho migolo ya zinyalala inali idakali pansi pa windo la chipinda chogona cha fulati yapansi.