Malemu Tim de Paravicini Sanali Wopembedza Machubu

Tim de Paravicini atamwalira ku Japan pa 17 December 2020 ali ndi zaka 75, anthu ambiri okonda zida zomvetsera nyimbo anawalira monga katswiri wa machubu (tizipangizo tagalasi tokhala ngati mababu timene timakuza mphamvu ya mawu m'zida zina zomvetsera nyimbo), ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Komabe ine ndikuona kuti kuwakumbukira motero basi n'kuwachepetsa, chifukwa chimene bamboyu anatisiyira n'chakuti ubwino wa ampulifaya, makina okuza mawu asanapite ku sipika, umachokera m'mutu mwa woikonza, osati m'galasi lowala lija limene timalisirira mumdima.

Anabadwira ku Nigeria mu 1945, anagwirako ntchito ku South Africa, kenako m'zaka za m'ma 1970 analembedwa ntchito ndi kampani yopanga zida zomvetsera nyimbo ya Luxman ku Japan. Atafika ku England anayambitsa kampani yawoyawo ya Esoteric Audio Research, imene inadzadziwika ndi dzina loti EAR Yoshino, ndipo kwa zaka zambiri zida zake zinkapangidwira m'dera la Huntingdon.

Umboni wa zimene ndikunenazi uli pa ampulifaya yawo yotchuka ya EAR 509. Pamene anzawo ankalimbirana machubu odziwika bwino monga KT88 ndi EL34, iwo anasankha PL509, chubu limene linapangidwira mawailesi akanema, ndipo anthu ozindikira za nyimbo ankaliona ngati lachabechabe. A de Paravicini anaona kuti chubulo ndi lolimba, lozolowera ntchito yolemetsa ndiponso lotha kupereka magetsi ochuluka, choncho analipangira njira yakeyake yoyendera magetsi mpaka ampulifaya imodzi inkatulutsa mphamvu yokwana mawati 100. Munthu amene amagwadira dzina la chubu sakanachita zimenezo.

Luso lawo lenileni linali pa thiransifoma, waya wokulungidwa pa chitsulo amene amasintha mlingo wa magetsi, chinthu cholemera ndi chosakongola chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe. Chubu limagwira ntchito ndi mavoti mazanamazana koma magetsi oyenda pang'ono, pamene sipika imafuna mavoti ochepa koma magetsi oyenda ambiri, ndipo chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi thiransifoma. Ikakulungidwa mosasamala, mawu apansi amamveka ofooka ndipo mawu apamwamba amazimiririka, ngakhale mutaikamo machubu odula chotani. Ndimakhulupirira kuti zambiri zimene anthu amazitcha kukoma kwa machubu kwenikweni ndi zolakwika za thiransifoma zimene makutu athu anangozizolowera, ndipo zida za bamboyu sizinkanyengerera womvera mwa njira imeneyo.

Amene akukayikabe akumbukire kuti ampulifaya ya Musical Fidelity A1, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1980 n'kugulidwa kwambiri, inakonzedwa ndi munthu yemweyu, ndipo mulibe chubu ngakhale limodzi. Ndi ya mathiranzisita (tizipangizo ting'onoting'ono timene timagwira ntchito m'malo mwa machubu), ya mawati pafupifupi 20, ndipo imatentha kwambiri pamwamba pake moti dzanja silikhalitsapo, koma anthu akuifunafunabe mpaka lero.

Ndiyenera kunena kuti sanali munthu wofewa pakamwa. Ankadziwika kuti amanena maganizo awo mosapsatira, ndipo ena ankakhumudwa nawo. Ine sindikuona chifukwa chobisira zimenezi tsopano poti anatisiya, chifukwa kuuma mtima komweko n'kumene kunachititsa kuti akatswiri ojambula nyimbo aziwadalira. Kampani yotulutsa zimbale za nyimbo ya Mobile Fidelity Sound Lab inagwiritsa ntchito makina a tepi amene iwo anawakonzanso, ndipo zida zawo zinafikanso mu situdiyo ya Astoria ya David Gilmour, woimba gitala wa gulu la Pink Floyd, pa mtsinje wa Thames ku England. M'malo ngati amenewo palibe amene amafunsa ngati chubu likuwala mokongola. Chimene amafuna n'chakuti mawu amene alowa atuluke osasinthika.

Ambiri a ife tinawadziwira pa kabokosi kakang'ono ka 834P, kamene kali ndi machubu atatu a ECC83 ndipo kamakuza timawu tofooka tochokera pa singano yoimbira mbale. Ndimamwetulira ndikaona anthu akusinthasintha machubu m'kabokosika pofuna kukakometsa, kenako n'kubwezeramo amene anachotsa aja atazindikira kuti chimene chinawakopa poyamba chinali kale m'mene kanalukidwira.