Musagule wisiki wodula lilime lisanaphunzire

Maganizo anga pa nkhani ya wisiki ndi awa, abale anga: ngati simungathe kusiyanitsa Jameson ndi Johnnie Walker Red Label mutatseka m'maso, musataye ndalama zanu pa botolo la zaka 18. Mudzangomva kuotcha komweko pakhosi, kenako n'kuyamba kuyamikira chifukwa choti mwalipira zambiri. Lilime limaphunzira poyerekeza. Mukamwa mtundu umodzi lero, wina Loweruka likubwerali, kusiyanako simungakukumbukire. Koma mukaika matambula awiri pafupi n'kumalawa uku ndi uku, ngakhale munthu amene amati mowa waukali wonse ndi umodzi amayamba kukayika.

Zimene zimasiyanitsa wisiki kwenikweni ndi zitatu: mbewu, utsi ndi mgolo. Mukadziwa zimenezi mwadziwa chimene mukufufuza m'tambulamo.

Ku Scotland, malamulo a 2009 amati Scotch ayenera kukhala mu mgolo wa mtengo wa oak m'dziko lomwelo kwa zaka zosachepera 3, ndipo asatsike pa 40% akamathiridwa m'botolo. Wolembedwa kuti single malt amapangidwa ndi chimera cha balere chokhachokha, pa fakitale imodzi, ndipo amatchezedwa m'mapoto a mkuwa. Wolembedwa kuti blended ndi wosakaniza: malt pang'ono, ndipo gawo lalikulu ndi wisiki wa tirigu kapena chimanga wotchezedwa m'makina ataliatali osaima, amene amatulutsa mowa wopepuka komanso wosalowa m'thumba. Red Label, Bell's, Grant's, J&B ndi Famous Grouse onse ndi a gulu limeneli. Bourbon wa ku America ndi wina: chimanga chisachepere 51% pa mbewu zonse, mgolo ukhale watsopano komanso wowauka mkati, ndipo saloledwa kuthiramo chosinthira mtundu. N'chifukwa chake Jim Beam kapena Maker's Mark amatsekemera m'mphuno, fungo la vanila ndi tofi. Fungolo limachokera m'thabwa lowaukalo. Jameson wa ku Ireland amatchezedwa katatu ndipo alibe utsi, choncho amamveka wofewa.

Utsi uja anthu ena amaukonda kwambiri pamene ena amanyansidwa nawo umalowa poyanika chimera. Mafakitale ena amasonkha moto ndi peat, dothi lakuda la zomera zovunda la m'madambo a ku Scotland, ndipo utsi wake umamatirira pa balere. Pa chilumba cha Islay, Laphroaig, Ardbeg ndi Lagavulin amadziwika ndi zimenezi. Laphroaig amanunkha ngati mankhwala a m'chipatala osakanikirana ndi phulusa, ndipo sikumunyoza, eni ake amanyadira zimenezo.

Poyambira sankhani mitundu inayi yotalikirana: Jameson, Jim Beam, Johnnie Walker Black Label ndi Glenfiddich wa zaka 12. Simukuyenera kugula mabotolo anayi. Gulani toti imodziimodzi pa bala yodalirika, kapena sonkhanani anthu anayi aliyense abwere ndi botolo lake. Tsiku limodzi musapitirire mitundu inayi, chifukwa mphuno imatopa msanga ndipo wachisanu amangomveka ngati wachinayi.

Tambula ikhale yotakata pansi, yopanikizika kukamwa. Ya Glencairn inapangidwira ntchito imeneyi, koma galasi laling'ono la vinyo likukwanira. Tambula yaifupi yotakata kukamwa ija imamwaza fungo lonse. Itsukeni ndi madzi otentha, muitsukuluze bwinobwino, chifukwa sopo wotsalira kapena fungo la m'kabati zimabisa zonse. Thirani mamililita 15 okha m'tambula iliyonse, ndiwo masipuni atatu a tiyi, ndipo musiye kwa mphindi zisanu kuti ukali wapamwamba uyambe wachoka.

Ponunkhiza m'pamene ambiri amalakwitsa. Amalowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya mwamphamvu, mowa n'kuwaotcha, ndipo kwa mphindi zingapo samvanso kanthu. Ikani tambula pansi pa mphuno motalikira pang'ono, tsegulani pakamwa pang'ono, ndipo mukoke mpweya mofatsa kawiri kapena katatu. Musavutike kufunafuna mawu a akatswiri. Dzifunseni mafunso osavuta: kodi muli utsi kapena mulibe? Kodi fungo ndi la zipatso zaziwisi monga maapozi, kapena la zouma monga mphesa za mu keke? Kodi muli uchi, vanila, khungu la lalanje, nthochi yakupsa? Mukatero pitani pa tambula yachiwiri ndi mafunso omwewo, kenako mubwerere pa yoyamba. Pobwererapo m'pamene kusiyana kumamveka. Mphuno ikatopa, nunkhizani kuseri kwa dzanja lanu, bola lisakhale lodzola mafuta onunkhira.

Kumwa koyamba musakuwerengere, n'kongozoloweretsa pakamwa. Kachiwiri tengani pang'ono kwambiri, osakwana theka la sipuni, muyendetse pa lilime lonse masekondi asanu mpaka khumi, mumeze, kenako mutulutse mpweya kudzera m'mphuno pakamwa pali potseka. Zambiri zimene timati kukoma zimamvekera m'mphuno panthawi imeneyi. Onani zinthu ziwiri: kulemera kwake pa lilime, ngati ali wamadzimadzi kapena wamafutamafuta, ndi utali wa nthawi imene kukoma kumatsala mutameza. Pa ine, apa m'pamene wisiki wabwino amasiyanirana ndi wachabechabe. Wachabechabe amazima nthawi yomweyo n'kusiya kuwawa ndi kutentha, wabwino amatsala kwa theka la mphindi kapena kuposa, uku akusinthasintha.

Tsopano madzi. Amene amanena kuti mwamuna weniweni sathira madzi mu wisiki sanaone mmene osakaniza wisiki ku Scotland amagwirira ntchito: iwo amamusukulutsa mpaka cha m'ma 20% kuti amve fungo popanda kuotchedwa. Kwa inu, yambani ndi madontho atatu kapena anayi, mugwedeze, mununkhizenso. Mukafuna kupitiriza, sipuni imodzi ya tiyi pa toti ya mamililita 25 imatsitsa 40% kufika pa 33%. Madziwo akhale a m'botolo, osazizira, chifukwa a pampopi akamamveka klorini amawononga zonse. Wisiki wa 40% amasukuluka msanga, choncho thirani pang'onopang'ono, wa 50.5% monga Wild Turkey 101 amapirira madzi ambiri ndipo amayamba kutulutsa fungo lake mukamuthira. Ayezi muike pambali pa tsiku lophunzira. Kuzizira kumachepetsa fungo lotuluka m'tambula ndipo kumachititsa dzanzi lilime. Masiku ena onse imwani mmene mukufunira, ndi ayezi kapena ndi soda, palibe amene akupatseni mlandu.

Ndondomeko yake ikhale yoyambira wopepuka kumalizira wautsi: Jameson, Glenfiddich, Jim Beam, kenako Black Label. Mukayamba ndi wautsi, onse otsatira amveka utsi. Pakati pake imwani madzi ndi kudya kachidutswa ka buledi wopanda kanthu. Kanyenya wa tsabola, fodya ndi chingamu zidikire mukamaliza.

Mukayesa kangapo n'kuyamba kudzimva kuti mwadziwa, dziyeseni motere. Mnzanu athire matambula atatu inu mutatuluka, awiri a mtundu umodzi, imodzi ya mtundu wina, alembe manambala pansi pake. Inu mupeze yosiyanayo. Munthu wongolota amapeza kamodzi pa katatu kalikonse, choncho kupeza kamodzi si umboni. Bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa masiku osiyana. Yambani ndi mitundu yotalikirana, Jim Beam ndi Black Label. Mukapambana, yesani yoyandikana, Red Label ndi Black Label, kapena Grant's ndi Famous Grouse. Mayeso amenewa ndiwo amasunga ndalama zanu. Ngati botolo lodula ndi lotchipa simukuwasiyanitsa mobisa chonchi, gulani lotchipalo mtima uli m'malo.

Pofika pogula, werengani chimene chalembedwa pa botolo, osati maonekedwe ake. Mtundu wofiirira si umboni wa kukhwima, chifukwa malamulo a Scotch ndi a wisiki wa ku Ireland amalola kuthira karamelo wosinthira mtundu wotchedwa E150a. Nambala ya zaka imatanthauza wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse osakanizidwa m'botolomo, choncho mu Black Label kapena Chivas Regal wa zaka 12 mulibe wochepera zaka 12. Botolo la Scotch lopanda nambala likungokulonjezani zaka 3. Ndipo kudula kwa wa zaka zambiri kuli ndi chifukwa chosakhudza kukoma: ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2% ya mowa chaka chilichonse kudzera m'thabwa, ndiye pofika zaka 18 pafupifupi 30% yauluka, kuwonjezera pa ndalama zosungira mgolowo nthawi yonseyo. Mukulipira mowa umene unapita mumpweya. Nthawi zina kukomako kumayenereradi mtengowo, koma si nthawi zonse, ndipo wisiki wokhalitsa mu mgolo akhoza kumveka thabwa lokhalokha.

Mtengo muziuwerengera pa toti, osati pa botolo. La mamililita 700 la ku Ulaya lili ndi matoti 28 a mamililita 25, la 750 limene limabwera kuchokera ku South Africa lili ndi 30, la lita imodzi lili ndi 40. Gawani mtengo ndi nambala imeneyo, kenako muyang'ane mphamvu yake. Mabotolo ena a ku South Africa amakhala a 43% pamene mtundu womwewo ku Britain ndi 40%, ndipo kusiyana kwakung'onoko kumamveka pa lilime.

Chosankha chimadalira chimene mwapeza m'mayeso aja. Ngati munakonda kutsekemera kwa Jim Beam, khalani pa bourbon, kapena muyese Bain's Cape Mountain Whisky. Ameneyu amapangidwa ndi chimanga chokhachokha pa fakitale ya James Sedgwick ku Wellington, m'chigawo cha Western Cape, amakhwimira m'migolo imene munali bourbon, ndipo anapambana ngati wisiki wa grain (wa mbewu monga chimanga kapena tirigu) wabwino koposa pa World Whiskies Awards mu 2013 ndi 2018. Kwa ife a kuno kummwera kwa Africa, ndi limodzi mwa mabotolo oyenera kuyamba kuwaganizira, ndipo abale okhala ku Johannesburg kapena Cape Town amalipeza mosavuta. Fakitale yomweyo imapanganso Three Ships, ndipo wa zaka 5 ali ndi kautsi kabwino. Ngati chinakukokani ndi utsi wa Black Label, Teacher's Highland Cream amaupereka pa mtengo wotsika. Laphroaig wa zaka 10 muyambe mwamulawa pa toti musanagule botolo, chifukwa akakukanani mudzakhala nalo chaka chonse. Ngati munakonda zipatso za Glenfiddich, Monkey Shoulder ndi malt yekhayekha wosakaniza kuchokera ku kampani yomweyo ya William Grant & Sons. Ngati mumathira Coca-Cola kapena jinja nthawi zonse, gulani blended wamba monga Grant's kapena Famous Grouse. Shuga wa chakumwacho amaphimba chilichonse chimene munalipirira mu single malt.

Kutchipa kulinso ndi malire ake. Botolo lolembedwa kuti spirit drink, kapena lotsika pa 40%, si wisiki weniweni, kawirikawiri ndi mowa woyera wothiridwa mtundu ndi fungo. Choopsa kwambiri ndi botolo lenileni lothiridwa mowa wina. Amene amatcheza kachasu amadziwa kuti zoyamba kutuluka ndi zomaliza sizifanana ndi zapakati. Fakitale yolongosoka imapatula zoyambazo ndi zomalizazo, pamene wachinyengo sasamala chimene wathira, ndipo ena amasakaniza methanol. Mamililita 10 okha a methanol akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Onani ngati mphete ya chitsekero ili yosaduka, ngati pepala lamatidwa mowongoka ndi zilembo zosafufutika, komanso ngati mowa walekezera pamodzimodzi m'mabotolo onse a mtundu umenewo pa shelefu. Black Label wogulitsidwa pa mtengo wa Red Label musiyeni pomwepo.

Botolo mukafika nalo kunyumba liimikeni chilili, chifukwa mowa waukali umadya chitsekero cha khungwa la mtengo (cork) mukaligoneka ngati vinyo. Likhale m'kabati, kutali ndi dzuwa ndi kutentha kwa pawindo. Wisiki sakhwimanso akalowa m'botolo: wa zaka 12 mukamusunga zaka 10 akhalabe wa zaka 12. Likatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, mpweya wochuluka m'katimo umayamba kusukulutsa fungo pakapita miyezi ingapo, choncho limalizeni ndi anzanu kapena mutsanulire m'kabotolo kakang'ono kotsekeka bwino. Matambula anayi a mamililita 15 aja ndi pafupifupi matoti awiri ndi theka, okwanira kuti tsiku limenelo galimoto ayendetse wina.