Chikhakha sachotsa ndi mpeni kunyumba, ana inu

Anyamata a kabaza, ndi inu asodzi kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chia, tamverani kuno. Ine ndakalamba ndikuona mikono yothyoka, koma zomwe mukuchita masiku ano zikundikwiyitsa.

Munthu wagwa pa njinga yamoto pa msewu wa M5, apita naye ku chipatala cha boma ku Salima, amujambula, amuika chikhakha, amuuza tsiku lobwerera. Pakangotha masabata 2, watenga mpeni wachidula yekha, akuti chikuyabwa. Mawa lake ali kunyanja kukoka chilimira, ndudu ili pakamwa. Wina n'kosapita komwe kuchipatalako, angomumanga nsungwi zothina, amutemera mphini, mpaka zala kutupa n'kuda. Kodi mukuyesa fupa ndi ulusi wosokera khoka?

Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri oyenda limodzi, ndipo ndi amene amatembenuza dzanja potapa nsima kapena popotokola chogwirira cha njinga. Kwa munthu wamkulu, akathyoka onse awiri, nthawi zambiri chikhakha chokha sichikwanira, pamafunika opaleshoni. Fupa limagwirana likakhala chete kwa miyezi, magazi akumafikapo bwino. Kuligwedeza, fodya, mafinya pabala, ndi shuga wosasamalidwa, zonsezi zimalilepheretsa. Ndiye miyezi 6 yatha, mkono ukupwetekabe, ukugwedera pamalo pomwe sipayenera kupindika.

Apa tsono ndi ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kwa madokotala a mafupa. Musaganize kuti ndi kubayidwa jakisoni basi. Amatsegula mkonowo, amapala nsonga za fupa zomwe zauma mpaka zituluke magazi, kenako amakacheka kachidutswa ka fupa lanu lomwe la m'chiuno n'kudzatsekera mpatawo, n'kumanga ndi chitsulo ndi masikuluwu. Mabala awiri pa munthu mmodzi, ndipo la m'chiunolo limapweteka ndithu poyenda. Akapezamo mafinya, amayamba athana nawo kaye, opaleshoni ina pambuyo. Nthawi yonseyi njinga ili kwa mwini wake, ana akudya chiyani?

Inunso amayi ndi akazi awo, mukaona mwamuna akunola mpeni pafupi ndi chikhakha, mulandeni. Zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo, musadikire kuti kuche.