Magetsi otumiza m'timaphukusi: ndawakonda, koma si athu lero

Dzulo tinatsutsana mpaka dzuwa kulowa pa shopu ya mnzanga wogulitsa masola pafupi ndi depoti ya Kasungu. Mnyamata wina amene akuphunzira zamagetsi anabwera ndi nkhani yoti kunjaku ayamba kutumiza magetsi m'timaphukusi, ndipo akuti tikatengera zimenezi mavuto athu atha. Ine ndakhala ndikuyala mawaya m'nyumba za anthu kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndinenepo, abale anga.

Nkhaniyo ndi yoona. Magetsi athu a mavoti 230 amangokhala mu waya nthawi zonse, ngati madzi mu paipi, ndipo sasankha kuti wagwira ndi ndani. Njira inayi, makina amawaduladula kukhala tizigawo mazanamazana pa sekondi imodzi. Kaphukusi kakadutsa, makinawo amaima pang'ono n'kufufuza ngati waya ali bwino. Akapeza kuti pali shoti kapena munthu wagwira waya, kotsatirako sikatulukanso, ndipo zonsezi zimachitika diso lisanaphethire. Kampani ya VoltServer ku America imagulitsa kale makina otere, ndipo mu 2023 malamulo oyalira mawaya a dzikolo anaivomereza njirayi pa dzina loti Class 4, mpaka mavoti 450. Ku Japan, Takashi Hikihara wa pa Kyoto University anayesa zoti kaphukusi kalikonse kazikhala ndi adiresi yake ngati kalata.

Mbali ya chitetezoyi imandigwira mtima. Ndinaonapo mwana wa zaka zinayi atapsa dzanja ndi waya wosendeka amene anamukoka pansi kuchokera nyumba ina kupita ina. Chipsera chija ali nacho mpaka lero. Waya uja akanakhala wodzizimitsa yekha, mwanayo akanangodzidzimuka n'kupitiriza kusewera. Ganizirani timashopu ta mumsika momwe mawaya amapiringizana padenga, pafupi ndi makatoni ndi zovala za kaunjika. Ife a ku Kasungu tikudziwanso mpanda wa magetsi wa ku nkhalango yathu: mavoti ake ndi masauzande, koma amabwera mwa apo ndi apo, njovu imamva kuwawa n'kubwerera. Kusiyana kwake n'kwakuti mpandawo cholinga chake n'kumenya, pamene makina awa amapewa kumenya.

Koma mnyamata uja ndinamuuza kuti kaphukusi sikabereka magetsi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Mukanawaduladula bwanji magetsi otsalawo, mdima ukanakhala womwewo. Gwero lathu lalikulu likadali mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

China, njirayi imafuna bokosi lotumiza kuno ndi bokosi lolandira uko, chifukwa firiji kapena ayironi yanu siingadye timaphukusi mwachindunji. Mabokosi onsewo ndi oitanitsa kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira. Likafa bokosilo ku Chamama kapena ku Santhe, adzalikonza ndani? Inveta wamba ikapsa timavutika kale kupeza zida zake. Komanso mtunda wake ndi waufupi, makilomita awiri basi. Chigayo cha kutali sichingadalire zimenezi.

Pamene ndikuona kuti zingadzatithandize ndi pa magetsi a sola a m'mudzi, ngati aja a ku Sitolo ku Mchinji, kapena m'sukulu ndi m'zipatala zatsopano, mitengo ikadzatsika. Pamenepo ndidzakhala woyamba kupita kukaphunzira.

Pakadali pano chimene chimandiwawa n'chakuti kachipangizo kozimitsa magetsi munthu akagwidwa, kaja timati earth leakage, kali m'mashopu mwathu momwemuno, koma eni nyumba ambiri amandiuza kuti, “Amisiri, kasiyeni kameneko, ndalama zatha ndi malata.” Sabata yathayi ndinakana ntchito ina chifukwa cha zimenezi, ndipo m'nyumbamo muli ana atatu.