Za 2004 tinazimva kale, madala

Ukakhala pa bawo ndi mdala wa Maule (timu ya Bullets), iwala zokamba mpira wa dzulo. Timu ikangogonja, iye wayamba kale: "Ana inu simunaione Bakili Bullets!" Ee, tikudziwa, mu 2004 anyamata a mphunzitsi Kinnah Phiri anafika m'magulu a CAF Champions League. Makutu anatopa nazo.

Akachoka pamenepo akutengera ku Chichiri, bwalo lomwe lero timati Kamuzu Stadium, ati kunkadzaza mpaka kusowa poponda, udzu wake unali weniweni osati wapulasitikiwu. Chabwino, nanga mbiri imagoletsa chigoli?

Ine ndangofunsa chifukwa chake otchinga kumbuyo athu akugona chonchi. Mpaka pano yankho kulibe, mdala wabwerera m'mbuyo mpaka wafika pa Bata Bullets, dzina lakalekale la timuyi.