M'mafilimu a ukazitape, vuto si khungu la wosewera

Pali anthu amene amakwiya akaona Mmwenye kapena munthu wakuda m'filimu ya akazitape a pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Amati opanga filimu akulowetsa ndale. Anthuwa ayambe awerenga za Noor Inayat Khan.

Noor, mwana wa Mmwenye, anatumizidwa ku France, dziko limene linali m'manja mwa Ajeremani, ndi SOE, bungwe lachinsinsi la Britain lotumiza akazitape, mu June 1943, pa dzina lachinsinsi loti Madeleine. Anali mkazi woyamba kupita kumeneko pa ntchito yotumiza mauthenga pa wailesi. Wailesiyo inali m'sutikesi yolemera pafupifupi makilogalamu 14, ndipo waya wake ankayenera kuutambasula anansi osaona. Akakhalitsa akutumiza uthenga, magalimoto a Ajeremani osaka mafunde a wailesi ankayandikira nyumbayo. Anagwidwa mu October 1943. Tsoka lake, anali atasunga mauthenga akale m'kope, ndiye Ajeremani anagwiritsa ntchito kopelo ndi wailesi yake kunamiza London kuti akadali mfulu. Akazitape ena otumizidwa pambuyo pake anagwera m'manja mwawo. Noor anaphedwa ku ndende ya Ajeremani ya Dachau mu September 1944.

Chimene chimandipweteka n'china. Opanga filimu amatenga wosewera wakuda n'kumukhazika pampando wa mkulu wa MI6, bungwe la akazitape la Britain, wa mu 1942, filimu yonse n'kutha popanda wina womuyang'ana mwachilendo. Pampandopo panali Stewart Menzies, mzungu wophunzira ku Eton, sukulu ya ana a anthu olemera. Opanga filimu akatero, tsankho limene linkatsekera anthu zitseko lafufutika, ndipo woonera amachoka akuganiza kuti ufumu wa Britain unkaona anthu onse mofanana. Ife amene makolo athu analamulidwa ndi atsamunda omwewo sitingavomereze zimenezo.

Ndale zenizeni zili kale m'mbiriyo. Noor ankafera Britain pamene India inali m'manja mwa Britain, ndipo sankabisa kuti akufuna dziko la bambo ake lidzilamulire. Vera Atkins, amene ankakonzekeretsa akazitapewa ulendo, anali Myuda wobadwira ku Romania, ndipo unzika wa Britain anaupeza mu 1944.

Wolemba filimu amuike munthu pa udindo umene akanaupezadi chaka chimenecho, atisonyezenso amene ankamukayikira. Aphunzitsi ena a Noor analemba kuti ntchitoyi sangaithe, koma Maurice Buckmaster, mkulu wa gawo la SOE loona za France, anawatsutsa n'kumutumiza maphunziro asanathe, chifukwa ku Paris kunkafunika wa wailesi mwamsanga.