Musanamizire ndalama, ana akufuna inuyo

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Madzulo ano pochokera kumsika ndapeza kamwana ka aneba kali kokhakokha pakhonde, kadzifunditsa chitenje cha mayi ake mpaka kumutu, chiperoni chikuwaza. Ndakafunsa kuti iwe, Loweruka lonseli osasewera bwanji? Kandiyankha kuti, "Adadi akuti zosangalala n'za anthu a ndalama, ife tidikire mwezi uthe." Mwana wa sitandade 2 kutulutsa mawu amenewo! Chonsecho adadi akewo ndawaona ndi maso angawa pabala ya pamsewu, avala jekete lawo lochindikala, botolo lili m'manja, maso ali pa mpira wa pa TV.

Makolo anzanga, adatinamiza ndani kuti mwana amasangalala pokhapokha talipira pageti? Bodza limeneli landifika pakhosi. Juni akangolowa, kuzizira kukangoyamba, aliyense kudandaula kwake n'kumodzi: ya kunyanja ndilibe, ya jumping castle ndilibe, ya tchipisi ndi nkhuku m'tauni ndilibe, ndiye ana angokhala. Inde zinthu zadula, kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mpaka lero sitinapume, palibe akutsutsa. Koma nthano mumaigula sitolo iti? Chipako mumalipira kwa yani?

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nyengo yachisanu ino ndiyo ya mbatata, yangoti mbwee m'misika yonse. Mtedza wakololedwa kumene. Manachesi a ku Mwanza adzaza m'madengu, nzimbe zili paliponse. Kolezani mbaula pakhonde, kwirirani mbatata m'phulusa, mwana aliyense mum'patse kamtengo kake kotembenuzira. Mudzaone nokha ikapsa, mmene amaiponyera dzanja ili ndi ilo chifukwa chotentha, kuisenda khungu lakudalo, nthunzi ili tolotolo, milomo yonse bii ndi makala, kuseka mpaka kutsamwa. Wamkulu akazinge mtedza m'chiwaya, wina asinje nsinjiro za futali wa mawa m'mawa, wamng'ono afinyire ndimu mu tiyi. Zonsezi pamodzi sizifika ndalama imene imathera pabala usiku umodzi. Chimene chikusowa pakhomo panu si ndalama ayi. Mukusowa ndinu.

Pamoto pomwepo mpamene pamabadwira nthano. Ife tidakula agogo akangoti "Padangokhala!" tonse kuyankha kamodzi "Tili tonse!", ngakhale amene amawodzera ankadzidzimuka. Kalulu kupusitsa Fisi, Kamdothi kuthawa mvula, ndipo pakati pa nthano pankakhala kanyimbo koti tonse tivomereze. Zikatha nthano zinkabwera zilape. "Chilape!" "Nachize!" "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Tinkakanda mitu mpaka wina akuwe kuti dzira. Lero funsani mwana wa zaka khumi chilape chimodzi chokha, angokuyang'anani. Mlandu si wake. Am'phunzitsa ndani, pamene aliyense m'nyumbamo waweramira foni yake?

Pano ndiyankhule ndi amayi anzanga, musaganize kuti ndikulimbana ndi azibambo okha. Ya bandulo timaipeza. Ya tsitsi timaipeza, ngakhale ya katapira. Koma mwana akabwera kuti amama tiyeni tisewere phada, yankho limakhala "choka apa ukundisokosa, sukuona kukuzizira?" Kukuzizira inde, ndiye chifukwa chake athamange! Fulaye, jingo, chipako, mpira wachikulunga, zonsezi zimatulutsa thukuta mpaka mwana kuvula juzi yekha. Mangani chitenje m'chiuno mugwire chingwe cha jingo mbali imodzi. Palibe amene adzakuchotsereni ulemu chifukwa mwadumpha chingwe ndi ana anu.

Inu abambo, manja amene ankapinda galimoto zamawaya aja adapita kuti? Khalani pansi ndi mnyamata wanu, waya wakale, zitsekerero za mabotolo, mphira wa tchubu cha njinga, tsiku latha. Julayi ndi Ogasiti mphepo imakhala yambiri, kaiti amangofuna jumbo, timitengo tiwiri ta tsache ndi ulusi. Bawo mumasewera ndi anzanu pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma mwana wanu wamkazi sadziwa ngakhale kutakata. M'phunzitseni! Bolodi mulibe, kumbani timaenje pansi, tolani timiyala.

Mwina muti ana amafunanso kutuluka, kuona zina. N'zoona. Nanga kutuluka ndiye kuhotela basi? Ife a ku Blantyre mapiri atizungulira mbali zonse, Soche, Ndirande, Michiru, ndipo nthawi yabwino yokwera phiri ndi inoyi: mvula idatha, njira zauma, dzuwa silikuwotcha. Mgwirizane mabanja awiri kapena atatu, chifukwa kuphiri sikoyenda nokha ndi ana, munyamuke m'mawa chifunga chikangoyalula, mutenge mbatata yophika, chigubu cha thobwa ndi majuzi. Mwana akaima pamwamba n'kuloza denga la nyumba yake kumunsi, nkhani imeneyo adzaikamba kusukulu teremu yonse. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, pabwalo pake payima sitima yapamtunda yakale yoyendera nthunzi, ndipo alipo ana obadwira ku Ndirande konkuno amene sadapondeko. A ku Zomba muli ndi damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams pamwamba pa phiri lanu. A ku Mulanje, Dziwe la Nkhalamba lili ku Likhubula komweko. A ku Dedza muli ndi zojambula za makolo pamiyala ya ku Chongoni, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idaziika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Alendo amakwera ndege kudzaona zimenezi, eni akefe tili phee m'nyumba kudikira malipiro.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, poti ndatchula mbaula. Ikhale panja kapena podutsa mphepo. Musailowetse m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mazenera kuti muwothe pogona. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Khanda lokwawa musalisiye pafupi ndi moto ngakhale kamphindi. Nchifukwa chakenso ndikuti wamkulu akhalepo, osangokoleza moto n'kuwasiyira ana.

M'mera mpoyamba. Mwana amene mukumuuza lero kuti chisangalalo n'cha olemera akumva, ndipo akusunga. Akukula akudziwa kuti kwawo n'kosowetsa mtendere, kuti kuseka kumapezeka kwina, kwa anthu ena. Tsiku lina adzapita kukakufuna kumeneko, inu n'kumadzadabwa kuti mwanayu sakhazikika pakhomo bwanji. Ola limodzi lokha madzulo, foni pansi, botolo pansi, mukhale naye. Simungalephere ola limodzi. Musanamizire boma, musanamizire kwacha, musanamizire chisanu.

Komanso china chimene chimandiwawa. Ngakhale makolo amene akufunadi kusewera ndi ana awo, asewerere kuti? Bwalo limene ife tinkamenyerapo fulaye kuno kwathu lero ndi mpanda wa njerwa, mbali inayi malo otsukira galimoto, pakona bala. Kachigawo kalikonse kopanda nyumba kagulitsidwa, mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Anyamata aika miyala iwiri pakati pa msewu kuti ndiye golo, njinga yamoto ya kabaza ikamabwera aliyense athawire m'ngalande, ikadutsa abwerere. Amene mudagulitsa mabwalo amenewa, ndi inu mudagulanu, ana anu amasewera pati?